Kuwala Kokumba Ngalande

Enschede, Holland
9 Febuluwale 2003

Okondedwa Ababa,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi achemwali a Magret, alamu a Eneya ndi ana onse. Ine kuno ndili bwino, kungoti kuzizira kwake n'kosanena. Kwa Mkhumba mu Juni timati kwazizira, koma kuja n'kusewera. Kuno madzi a m'ngalande amauma gwaa, mpaka ana kumathamangapo.

Ndatchula ngalande dala, chifukwa ndikudziwa kuti mwatchera khutu. Ababa, dziko lino likanakukomerani. N'lathyathyathya kuposa chigwa chathu, ndipo mbali zina nthaka ili m'munsi mwa nyanja. Anthu ake moyo wawo wonse ndi kukangana ndi madzi, kuwauza kuti dzerani uku, musadzere uko. Ndikamayenda pa basi ndimaona ngalande zowongoka ngati anachita kujambula ndi lula, ndiye mumtima ndimati a Jonasi Namakhwa akanakhala muno akanaimitsa basiyi kuti akazipime ndi phazi.

Munafunsa kuti kodi kwenikweni ndimagwira ntchito yanji pa yunivesite pano, popeza anthu akakufunsani kutchalitchi mumangoti, "Akuphunzira." Lero ndikuuzeni. Ndimakumba ngalande ngati inu. Kusiyana kwake n'kwakuti ine ndimakumba pa kapulasitiki kochepa ngati sitampa ya kalata, ndipo tingalande take n'tochepa ngati tsitsi limodzi. Khasu langa ndi makina otchedwa leyiza. Amatulutsa kuwala kwamphamvu, kosongoka, kumene kumadula popanda mpeni, popanda dzanja kukhudzapo, ndipo sikuphonya ngakhale pang'ono.

Kuwalako ndikakuchepetsa mphamvu sikukumba ayi, kumangosisita pamwamba n'kusintha khungu la pulasitikiyo. Pena pamasanduka ngati tsamba la koko, madzi amathawapo. Pena pamasanduka ngati chitenje chakale, madzi amakakamirapo. Ndiye ndikayala bwino malo othawa ndi malo okakamira, dontho limayenda lokha njira imene ndalikonzera, popanda wolikankha. Ndi zomwe mumachita inu mukamata makande m'mbali mwa ngalande kuti madzi athamange, n'kusiya udzu pomwe mukufuna kuti adekhe. Cholinga chathu n'chakuti tsiku lina dontho limodzi la magazi lizidziyendera mpaka pomwe pali mankhwala oyezera matenda, wodwala n'kumva zotsatira pompopompo, osayenda ulendo wachiwiri.

Achemwali anandilembera kuti maso akukuvutani, akuti ng'ala yakula. Akutinso madokotala a maso ochokera ku Blantyre adzabwera kuchipatala cha mishoni mu Juni. Mundiuze zonse, musandibisire. Nanga mpunga mwamaliza kuwokera?

Ndakusowani kwambiri. Zikayenda bwino ndidzabwera chaka chamawa.

Ine mwana wanu,
Peggy

*

Mudzi wa Namikalo, T/A Mkhumba, Phalombe
16 Malichi 2003

Iwe Peggy mwana wanga,

Wogwira cholembera ndi mkulu wako Magret, koma mawu ndi anga, ndipo ndamuuza kuti asachotsepo kanthu kapena kuwonjezerapo zake.

Tili bwino tonse. Kalata yako andiwerengera katatu pakhomo pano, kachinayi Lamulungu titatuluka m'tchalitchi. Ndinauza anthu kuti imvani nokha, madzi saiwala khwawa. Mwana ndinkamuthamangitsa m'matope kuti akawerenge mabuku, lero wawoloka nyanja kukakumba ngalande. Malemu mayi ako akanaseka mpaka misozi.

Mpunga tawokera, koma chaka chino ndachita manyazi. A Wilson anandiitana kuti ndikapime ngalande yatsopano kumunda kwawo. Ndinapita monga mwa masiku onse, nditavula nsapato, botolo la madzi lili m'manja. Phazi linandiuza zake, koma nditathira madzi pansi maso sanathe kuona komwe alowera. Ndinachita manyazi kufunsa, ndinangoloza. Mvula itagwa madzi anabwerera m'mbuyo n'kukamiza mbande za eni ake. Zaka makumi anayi ndili mkamwini m'mudzi muno, palibe anandisekapo pa nkhani ya madzi. Pano ena akuseka, ena akundimvera chisoni, ndipo achiwiriwa ndi amene amandipweteka kwambiri.

Wati ndisakubisire za maso. Lamanja ndimangoona utsi. Lamanzere ndimaona munthu ngati chitsa choyenda. Magret wandilembetsa dzina kwa anthu a mpeni a mu Juni aja osandifunsa. Iwe sudziwa zimene zinawachitikira amalume anga ku Milanje. Anawapala ng'ala ndi kachitsulo, diso linatupa, linachita mafinya, ndipo anamwalira osaonanso. Ndinali ndi zaka khumi, ndipo amene ndinawagwira miyendo tsiku limenelo ndine.

Koma Mulungu ndi wamkulu. Sabata yomwe kalata yako inafika, pawailesi ananena kuti ku Joni madokotala akuchiza maso ndi kuwala popanda mpeni, ndipo dzina anatchula lomwelo, leyiza. Ndinaseka mpaka kutsokomola. Anthu akwere ndege kukafuna chinthu chimene mwana wanga amagwira tsiku ndi tsiku! M'pamene ndinazindikira chifukwa chake unalemba za tochi yakoyo ndi za maso anga m'kalata imodzi. Ndiwe mwana waulemu, sunafune kunena poyera ngati wodzitama. Ndamva, mwana wanga. Ukamabwera udzainyamule, ine ndidikira. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Unditumizireko chithunzi cha ngalande za azunguzo, ndidzazione ukadzanditsegula.

Bambo ako,
Jonasi Namakhwa

Peggy, ndine Magret. Ndalemba momwe anenera. Ngati tochiyo imathadi, tiuze. Ngati siitha, tiuze msanga, wamva? Ine sandimvera, amati ndinalekera Sitandade 7.

*

Enschede
10 Epulo 2003

Ababa, ndi inu achemwali,

Moni nonse. Kalata yanu yafika lero masana, ndipo ndikuyankha ndisanavule n'komwe jekete.

Ababa, chonde musadikire ine. Leyiza yanga si ya maso. N'zoona kuti madokotala ena ali ndi yawo, koma ndi mtundu wina, ndipo ng'ala ngati yanuyo ngakhale kuno amaichotsa ndi opaleshoni. Yangayi ndi yowotchera pulasitiki. Ndi yaikulu ngati ngolo, siinyamulika. Ikamayaka timavala magalasi akuda, chitseko n'kukhoma, chifukwa kuwala kwake kukangolowa m'diso, diso limenelo lapita. Komanso ine si dokotala wa anthu. Chibadwire sindinagwirepo diso la munthu.

Za agogo a ku Milanje sindinkazidziwa, ndipo zandimvetsa chisoni kuti mwazisenza nokha zaka zonsezi. Koma zija anachita ndi munthu wapakhonde, ndi kachitsulo kosawiritsa. Obwera mu Juniwa ndi anthu oti ntchito yawo ndi imeneyo. Amabaya jakisoni, simumva kuwawa, mawa lake mukuona. Ng'ala ikakhalitsa imatha kuwononga diso lonse, ndiye chaka chamawa n'kutali kwambiri.

Pitani, ndapota nanu. Achemwali, awerengereni kawiri.

Peggy

*

Namikalo
14 Juni 2003

Peggy mng'ono wanga,

Moni, ngati ukadali moyo. Ife tilipo. Ana ali bwino, mpunga tikumweta. Kalata yako yomaliza kufika kuno ndi ya mu Febuluwale ija. Alamu ako a Eneya apalasa njinga kasanu kupita ku positi ofesi, mpaka a pakauntala ayamba kuwafunsa ngati ali ndi chibwenzi kunja.

Madokotala anabwera Lachiwiri, achoka dzulo. Ababa sanapite.

Lolemba ndinawachapira malaya, ndinawameta, ndinaphika kalongonda woti tikadye pamzere. M'mawa mwake ndinawapeza atakhala pakhonde opanda nsapato. Anazibisa, ndipo mpaka lero sindinazipeze. Tangoganiza, munthu wosaona kubisa chinthu, ife oona n'kulephera kuchipeza.

Ndinati, "Ababa, tiyeni, njinga yakonzeka."

Iwo akuti, "Mng'ono wako wayankha?"

Ndinati ayi.

Akuti, "Ndiye kuti wavomera. Akanakhala kuti sangathe akanalemba."

Ndinati, "Ababa, fodya wako ndi amene ali pamphuno. Madokotala ali pompa, Peggy ali kutsidya kwa nyanja."

Akuti, "Iwe Magret, za kuwala ukudziwapo chiyani?"

Ndinalowa m'nyumba kukalira, chifukwa n'zoona, sindidziwapo kanthu.

Ukuwakumbuka a Rosemary a kuseri kwa sukulu, amene zaka ziwirizi amayenda ndi ndodo? Iwo anapita. Lero m'mawa abwera okha pakhomo pano, akulowetsa ulusi pasingano pamaso pathu kuti mwina Ababa atengeko mtima. Ababa anangoti, "Zabwino zonse, mayi. Zanga zikubwera pa ndege."

Diso lamanzere nalo latseka. Ndamanga chingwe kuchokera pakhonde mpaka kuchimbudzi kuti azitsata, kwina konse ndimawatsogolera ine. Sabata yatha ndili kumunda anazemba, anagwera m'ngalande imene anakumba okha. Ndinawapeza atakhala m'matope akupapasa m'mbali mwake. Akuti sanagwe ayi, amaona ngati sinagumuke.

Madokotala adzabweranso mu Novembala. Sindikukupempha kanthu ka m'sitolo, ndikupempha mawu basi. Iwe mawu ako amalemera pakhomo pano. Anga ndi a tsiku ndi tsiku, anawazolowera. Ndakwiya nawe, koma ndakusowanso, ndipo sindidziwa kuti chachikulu n'chiti.

Mkulu wako,
Magret

*

Namikalo
20 Julayi 2003

Peggy,

Moni. Wolemba ndi Magret.

Kalata yako ya mu Epulo yafika Lachinayi lapitali, ili ndi zidindo za dziko lina lotchedwa Mali. Akuti inayamba yakacheza kumeneko. Magret wandiwerengera kawiri monga unanenera, kachiwiriko mokuwa ngati ndinagonthanso.

Ine sukulu ndinalekera panjira, koma makutu ndili nawo ndipo sindiiwala. M'kalata yoyamba unati kuwala kwako sikuphonya ngakhale pang'ono. Unati ukafuna umakuchepetsa mphamvu, kumangosisita pamwamba osakumba. Lero ukuti kumapha diso. Mwa makalata awiriwa imodzi ikunama. Khasu lomwe limakumba ngalande, m'manja mwa mwini wake limapaliranso mbande osadula muzu. Ng'ala n'kanthu kochepa. Chovuta n'chiyani?

Ukuti makinawo ndi aakulu ngati ngolo. Nanga zigayo za pa Migowi zinabwera bwanji, zinamera?

Ngati mabwana ako sakulola, unene. Ngati ukuopa kuti azungu adzadziwa kuti bambo ako ndi munthu wokumba matope, unenenso, sindikwiya. Kusukulu ndinakutumiza ndine, ndipo ndinkadziwa kuti mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Koma zondizembaitsa ngati mwana ayi. Zandipweteka, Peggy. Ndinauza mpingo wonse.

Za Novembala ndakana kale. Ndinagwira miyendo ya amalume, sindifuna Magret adzagwire yanga. Ndikhala chonchi, ndazolowera. Sindidzakuvutitsanso ndi nkhani imeneyi. Uzivala zofunda, uzidya mokwanira.

Bambo ako,
Jonasi Namakhwa

Ndine Magret. Pepa, ndinakukalipira pachabe, sindinadziwe kuti unayankha. Koma waona? Sakudya bwino, ndipo wailesi anazimitsa.

*

Enschede
17 Ogasiti 2003

Ababa anga,

Ndikupatsani moni ndi mtima wosweka. Kalata ya achemwali ya mu Juni inachedwa, yafika sabata imodzi ndi yanu ya mu Julayi, ndiye ndamva zonse nthawi imodzi.

Sindichita nanu manyazi. Anzanga onse kuntchito amadziwa kuti bambo anga amapima ngalande ndi phazi ndi botolo, ndipo atopa nayo nkhaniyo chifukwa ndimaikamba pafupipafupi. Koma pa chinthu chimodzi mwandigwira. Mwa makalata awiri aja imodzi ikunamadi, ndipo ndi yoyamba ija. Ndinati kuwala kwanga sikuphonya chifukwa ndinkafuna kuti mundinyadire. Zoona zake n'zakuti pa tipulasitiki khumi, tabwino timatuluka tiwiri kapena titatu. Totsalato ndimataya m'chidebe pansi pa tebulo. Kudzitama kwangako kwakudyerani miyezi ya maso anu. Mundikhululukire.

Mawu anga asokoneza kale zinthu, ndiye ulendo uno ndatumiza zoti mugwire ndi manja. Manja anu sananamizidwepo. M'phukusili muli tipulasitiki tiwiri.

Kokulunga m'pepala lofiirako ndakatola m'chidebe muja. Tsiku limenelo ndinachita zomwe mukunenazo, ndinachepetsa mphamvu kuti ndingosisita pamwamba. Kagwireni, mukanunkhize. Pulasitiki imeneyo ndi yolimba kuposa chikhadabo chanu. Mukatero mugwire chikope chanu.

Kachiwiriko ndapangira inu, nditapempha chilolezo kwa mkulu wa ntchito. Ndakakulitsa dala ngati chikhatho cha mwana, ndipo tingalande take ndatikulitsa kuti chikhadabo chizitimva. Sindikuuzani chimene ndajambulapo. Mukatha kupapasa, achemwali akaike pamalo osapendekeka, atenge tiyi wopanda mkaka, adonthezere pa kadzenje kali pakona. M'kati mwa tingalandeto ndapanga kuti madzi azikakamira, m'mbali mwake kuti azithawa. Palibe mankhwala, palibe matsenga, ndi khungu la pulasitiki lokha limene lasintha. Ndinawononga tisanu ndi kamodzi kuti kabwinoka katuluke.

Ntchito imene ndimaidziwa ndi yokhayi, Ababa. Ndikanakhala kuti nditha kukutsegulani maso ndikanabwera ngakhale wapansi. Sinditha. Chimene ndikufuna n'chakuti muione ndi maso anu ntchitoyi, mundiuze ngati ndinaphunzira bwino, chifukwa kuno palibe amene angandiuze monga mungandiuzire inu.

Phukusili ndalitumiza pa rejisitala, ndipo dzina la dziko ndalilemba katatu.

Mwana wanu wokukondani,
Peggy

Achemwali, zikomo pa zonse. Palibe chopepesa.

*

Namikalo
28 Seputembala 2003

Peggy mng'ono wanga,

Moni wa chimwemwe ulendo uno. Tonse tili bwino, kwatentha, phiri likungooneka mwa utsi. Phukusi lafika osadzera ku Mali. Khala pansi ndikuuze mwadongosolo.

Linali Loweruka masana, Ababa ali pamphasa pakhonde. Kalata anamvetsera atatembenukira kukhoma. Nditafika poti unanama iwe, anatembenuka pang'ono. Kugwira anayamba akana, ndiye ndinangowaika m'manja ka m'pepala lofiira kaja. Chala chinapeza pamalo pobooka, potupa m'mbali ngati chipsera. Anakanunkhiza.

Akuti, "Kakununkha jumbo yakupsa. Apa ndi pomwe anachepetsa mphamvu?"

Ndinati, "Ee, walemba choncho."

Kenako ndinaona akukweza dzanja n'kugwira chikope chawo.

Kachiwiri kaja anakalandira okha. Chikhadabo chinayambira pakona, chinatsika, chinakhota. Anabwerera, anayambanso. Akuti, "Magret, apa pakhota ngati pachulu paja." Anapitiriza mpaka pomwe kangalande kagawika patatu, mawu n'kusintha. Akuti, "Uwu ndi munda wa mayi ako. Iyi ndi ngalande yanga, ya chaka chimene anabadwa Peggy." Iwe mwana iwe, unakumbukira bwanji zonsezija? Ine ndimalima momwemo chaka ndi chaka koma sindikanatha kujambula.

Pofika nthawi yodontheza tiyi uja anthu anali atadzaza, a Rosemary, ana, ngakhale a Wilson omwe aja a mbande zomira. Ndinaika kanthuko pa mbale yovundikira, ndinadontheza ndi kaudzu. Peggy, tiyi anayenda! Yekha, pang'onopang'ono, osatayikira kumbali ngakhale kamodzi. Anthu anakuwa.

Ababa akuti, "Wafika pati? Wafika pachulu?"

Wina akuti wadutsa kale, wina akuti akugawika, wina akuti uyo uyo uyo, a Wilson mpaka kuvina. Ababa ankangotembenuza mutu uku ndi uku kutsata mawu. Pomwe amafunsa kachitatu, tiyi anali atafika kale kumapeto kwa tingalande tonse titatu. Tonse tinaona, kupatula mwini wake.

Anati tibwereze. Tinatsuka, tinaumitsa, tinabwereza kanayi, ine ndikuwafotokozera pang'onopang'ono. Kachisanu anati, "Basi. Madzi sachita kumva kwa anthu. Kakulungeni." Anakaika m'thumba la malaya, ndipo mpaka lero salola munthu kukagwira.

Lolemba m'mawa ndinamva akufunsa alamu ako ngati matayala a njinga ali ndi mpweya. Nsapato anatulutsa okha. Zinali m'nkhokwe pansi pa makaka miyezi yonseyi. Tapita, talembetsa, tsiku lake ndi 18 Novembala. Pobwerera tinapuma pamthunzi, ndiye anandifunsa motsitsa mawu kuti, "Ukadzalowa nane, udzandigwira miyendo?" Ndinati, "Ayi Ababa, ndidzakugwirani dzanja." Akuopabe kwambiri, koma akupita.

Uzitipempherera, ndipo ulembe kuti adziwe kuti wamva.

Mkulu wako,
Magret

*

Namikalo
7 Disembala 2003

Peggy mwana wanga,

Moni. Usadabwe zilembo zokhotakhota ngati padutsa nkhuku. Ndikulemba ndine Jonasi Namakhwa, ndi dzanja langa ndi diso langa lamanzere. Zanditengera masiku atatu.

Anapala pa 18. Sindinamve kuwawa, ndinkangomva madokotala akukangana za mpira pamwamba pa mutu wanga. Ndinachita manyazi ndi mantha anga. Lamanja akuti ndinalichedwetsa, ng'ala inakhwima kwambiri. Adzayesa mu Juni koma sakulonjeza. Usadziimbe mlandu, amene anabisa nsapato ndine.

Tiyi ndamuona akuyenda. Ndamuona kasanu ndi kawiri. Ntchito ndi yabwino, unaphunzira. Koma pachulu unakhotetsa kwambiri, madzi amazengereza pamenepo asanapitirire. Kona ya ngalande imafuna kufewa. Ukawauze anzakowo kuti ndanena ine. Ya a Wilson ndakaipimanso Lachisanu, okumba anali ena chifukwa adokotala andiletsa kuwerama, ndipo madzi akudzera kolondola.

Tsopano chimene ndalembera ndekha. Pali mawu amene sindikanatha kumuuza Magret kuti alembe.

Atandimasula bandeji m'mawa mwake, ndinaona zenera. Ndinaona namwino. Ndinaonanso mayi wina wowonda ataima kumiyendo kwa bedi, imvi zili mbuu m'mphepete mwa duku, akundiyang'anitsitsa. Ndinamupatsa moni waulemu. Kenako ndinafunsa namwino kuti mwana wanga wapita kuti. Mayi uja anati, "Ababa, ndine."

Peggy, mkulu wako sanakwanitse n'komwe zaka makumi anayi. Pomwe maso ankayamba kuchita utsi ndinamusiya ali ndi masaya. Zaka zonsezi ndinkamva mawu ake okha, ndipo mawu sakalamba. Kutchalitchi ndinkatchula dzina lako, dzanja langa lili paphewa pake. Ndinalira pamaso pa odwala onse, mpaka namwino anandikalipira kuti ndiwononga diso latsopano.

Iwe ndimakunyadira, zimenezo ukudziwa ndipo mudzi wonse ukudziwa. Ubwere chaka chamawa ndidzakuone. Koma usanabwere, umulembere mkulu wako kalata yakeyake, dzina lake pa envulopu, osati mzere umodzi pansi pa yanga. Ikhale yaitali.

Ine mawu otere pakamwa sindiwatha, ndiye ndayamba momwe ndingathere. Dzulo ali kudimba ndinatenga kandowa ka ana n'kupita kumjigo ndekha. Amayi onse anasiya kupopa n'kumaseka, nkhalamba yamwamuna kandowa pamutu. Theka la madzi linatayikira panjira. Nditafika ndinapeza Magret wabwerako, ndinathira m'kapu n'kumupatsa. Anandikalipira kuti adokotala analetsa zonyamula, kuti ndanyowetsa malaya, kuti ndikumuchititsa manyazi kwa anthu. Atatha kukalipa anakhala pansi n'kumwa onse.

Mawa ndipitanso.

Bambo ako,
Jonasi